Kompyuta yakale ikukana kuonetsa mavidiyo, ikuti ndiike Flash Player

Mphunzitsi_waSayansi
Moni nonse pagulu pano. Ndabwera ndi vuto lomwe landisowetsa tulo sabata yonseyi. Ndimaphunzitsa pa CDSS ina kuno ku Kasungu, ndipo mwa makompyuta asanu amene tinapatsidwa kalekale, yatsala yamoyo ndi imodzi. Ndi Dell OptiPlex 755, Core 2 Duo, RAM 2GB, Windows 7 ya 32-bit. Pamodzi ndi makompyutawo tinalandiranso ma CD atatu a maphunziro a sayansi. Muli mavidiyo oonetsa mmene magazi amayendera mumtima, mmene magetsi amadutsira mu waya, ndi timafunso toti mwana ayankhe podina. Zaka zapitazo ndinkaonetsa ana bwinobwino. Chaka chino ndati ndiwatulutsenso, tsamba likutseguka koma pamalo pa vidiyo pali bokosi lotuwa ndi mawu oti ndiike Adobe Flash Player. Ndayesa pa Chrome, ndayesa pa Internet Explorer, chimodzimodzi. YouTube nayo ndikalumikiza intaneti ya pafoni, masiku ena ikukaniratu kutseguka, masiku ena vidiyo ikudukaduka, mawu patsogolo chithunzi pambuyo. Labotale tilibe. Ana anga a Fomu 4 akalemba MSCE osaonapo zinthuzi zikuyenda, ndipo zikundipweteka mtima. Plugin imeneyi ndiipeze kuti?

Kamtedza22
Lembani pa Google kuti Flash Player download, masamba alipo ambirimbiri. Ine ndinatero chaka chatha.

Tekinishani_Limbe
Aphunzitsi, chonde musachite zimene akuuzani a Kamtedza. Flash Player inatha. Kampani ya Adobe inasiya kuisamalira pa 31 December 2020, ndipo kuyambira pa 12 January 2021 pulogalamuyo imakana yokha kusewera chilichonse ngakhale ikhale kuti ili kale mu kompyuta. Chrome anaichotsa mu version 88, Firefox mu 85, zonsezi mu January yemweyo. Ndiye tsamba lililonse limene lero likukulonjezani Flash Player yatsopano likukunamizani, chifukwa yatsopanoyo kulibe. Chimene mungatsitse pamenepo ndi vayirasi kapena timapulogalamu todzaza zotsatsa malonda. Pa benchi panga pamabwera makompyuta otere mwezi ndi mwezi, ndipo nkhani yake imayamba chimodzimodzi: panatuluka uthenga woti ndiike Flash, ndinadina.

Kamtedza22
Yanga sinalowe vayirasi iliyonse.

Tekinishani_Limbe
Achimwene, tsegulani Chrome yanu muone ngati tsamba loyamba likadali lomwe munaika nokha. Muonenso pa Extensions ngati mulibe alendo amene simunawaitane. Zinthuzi sizilira belu polowa.

GogoWaMakina
Pepani ana anga, ine ndasokonezeka. Flashi yomwe ndimaidziwa ine ndi kaja timasungiramo nyimbo ndi zikalata, kobaya m'mbali mwa kompyuta. Mukuti yatha? Zithunzi za zidzukulu zanga zonse zili mmenemo.

Nachisale_IT
Ayi agogo, mtima m'malo, flashi yanuyo ilibe mlandu. Mayina angofanana. Imene tikukamba pano ndi pulogalamu imene kale inkathandiza browser kuonetsa mavidiyo ndi timasewero. Nthawi imeneyo browser payokha sinkatha kusewera vidiyo, inkachita kubwereka mphamvu kwa pulogalamu ina, ndiye plugin imeneyo. Kunali Flash, kunali Silverlight ya Microsoft, kunali QuickTime, RealPlayer ndi Java. Kenako kunabwera HTML5, browser n'kuyamba kusewera vidiyo yokha. YouTube inasamukira ku HTML5 mu January 2015, ndipo chaka chomwecho Chrome inatseka khomo lakale lomwe ma plugin ambiri ankalowera. Silverlight nayo inatsanzika mu October 2021. Komabe zithunzi za zidzukuluzo muzikopere malo awiri, agogo, flashi imafa osatsanzika.

GogoWaMakina
Zikomo mwana wanga, ndamva tsopano.

Nachisale_IT
Tibwerere kwa aphunzitsi. Mmene ndawerengera, muli ndi matenda atatu osiyana ndipo mwawamanga mtolo umodzi n'kuwatcha plugin. La ma CD ndi la Flash. La YouTube kudukaduka ndi lina, Flash sikukhudzidwa n'komwe. La YouTube kukana kutseguka masiku ena ndi linanso, ndipo ndili ndi chimene ndikuchikayikira. Tsiku limene ikukanalo, pa sikirini pamalembedwa chiyani? Ndiponso muyang'ane pakona ya kumanja pansi, deti ikuti chaka chanji?

Mphunzitsi_waSayansi
Achemwali, mwandidabwitsa. Ndayatsa pompano magetsi atangobwera, deti ikuti 2007. Uthenga wake umati "Your connection is not private". Nthawi zina ndimakonza deti pofuna kusindikiza mayeso, ndiye mwina masiku amene YouTube imatseguka ndi omwewo.

Nachisale_IT
Ndi pomwepo. Mkati mwa kompyuta, pa motherboard, muli kabatire kozungulira ngati ndalama yachitsulo, nambala yake CR2032. Ntchito yake ndi kusunga nthawi kompyuta ikazima. Kanu kanatha, ndiye magetsi akangothima wotchi imabwerera ku chaka chimene makinawo anapangidwa. Masamba otetezedwa amakhala ndi chiphaso chokhala ndi tsiku loyambira ndi lothera. Browser ikaona kuti chiphaso chikuti chinayamba kugwira ntchito chaka chino pamene wotchi yanu ikuti tili mu 2007, imaganiza kuti pali chinyengo n'kutseka. Kabatireko kamapezeka kwa okonza mawotchi ndi mafoni pamsika, ngakhale pa Kasungu boma mukapeza. Zulani waya wa magetsi kaye musanatsegule bokosi.

WaJoni_82
Ine ndinene zoona ngakhale ziwawe. Makina a 2007 akwanitsa zaka zake. Windows 7 Microsoft inasiya kuiteteza pa 14 January 2020. Kuno ku Johannesburg makompyuta oposa amenewo maofesi amangowataya. Mudzagula batire, mawa RAM, mkuja hard disk, pomaliza ndalama yake ikanakugulirani laputopu ya kaunjika yabwinoko. Komiti ya makolo isonkhe basi.

MayiWaKuChipata
A WaJoni, mukulankhula ngati munthu amene sanakhalepo pa msonkhano wa makolo kumudzi. Anthu akulephera kumaliza fizi ya teremu, ndiye muwauze asonkhere laputopu? Kwathu kuno ku Chipata pa tchalitchi pathu tikugwiritsabe ntchito makina a msinkhu womwewo polemba makalata ndi kuonetsa ana mavidiyo, ndipo akugwira. Munthu wafunsa mmene angakonzere chimene ali nacho m'manja. Timuyankhe chimenecho.

WaJoni_82
Mayi, sindikunyoza ayi, inenso ndinaphunzira pa CDSS ndipo ndikudziwa mmene zilili. Nkhawa yanga ndi yoti makina opanda chitetezo akulowa pa intaneti, pomwe mwina muli mayina ndi malikisi a ana.

Tekinishani_Limbe
Nkhawa imeneyo ndi yoona, tibwererako. Koma tiyambe ndi ma CD chifukwa ndi amene aphunzitsi akuwafuna msanga, ndipo safuna intaneti n'komwe.

Aphunzitsi, musalole CD itseguke yokha. Pitani pa Computer, dinani CD ndi batani la kumanja la mouse, musankhe Open kuti muone mafoda ali mkati. Ma CD a maphunziro a nthawi imeneyo ankapangidwa motere: tsamba lomwe mumaliona ndi chikuto chabe, mavidiyo enieniwo amakhala mu foda ina, kawirikawiri yolembedwa media, video kapena assets. Muyang'ane mathero a mayina a mafayilo. Mukapeza othera ndi .flv kapena .mp4, mwapulumuka, chifukwa VLC imawasewera popanda Flash. VLC ndi yaulere, ndipo ya mtundu wa 3 imayenda pa Windows 7 ngakhalenso pa XP. Muitenge pa tsamba la eni ake a VideoLAN, osati kwina.

Mukapeza othera ndi .swf, amenewo ndiye a Flash enieni, makamaka timafunso todina tija, ndipo VLC sithandiza. Koma musanataye mtima muone ngati pa CD pali fayilo ya .exe yokhala ndi dzina ngati start kapena run. Opanga ma CD ambiri ankaika Flash mkati mwa fayilo imeneyo kuti CD iziyenda ngakhale pa kompyuta yopanda plugin. Ngati ilipo, imayenda payokha osadutsira mu browser.

Chomaliza, kopererani zonse za pa ma CD atatuwo mu hard disk ndi pa flashi lero lomwe. CD ya zaka zoposa khumi ikakalika kamodzi, zonse zapita.

Chiphaliwali
Njira yachidule ilipo. Flash yakale ya 32.0.0.371 ilibe loko ya January 2021 ija. Muike imeneyo pamodzi ndi Firefox yakale, zonse ziyenda ngati kale. Kapena mungosiya deti pa 2007 pomwepo, Flash siidziwa kuti inafa.

Nachisale_IT
Kuti version imeneyo ilibe loko ndi zoona. Koma muitenga kuti? Adobe anachotsa mafayilo akale pa tsamba lawo, ndiye mukatenga kwa munthu amene simukumudziwa, osadziwanso chimene wathiramo. Ndipo Flash sanaiphe chifukwa cha nkhanza. Inali ndi mabowo ochuluka omwe akuba ankalowera, mpaka Steve Jobs analemba kalata mu April 2010 kufotokoza chifukwa chimene sankailolera pa iPhone. Browser yakale, plugin yakale, Windows yakale, zonse pa makina amodzi olumikizidwa pa intaneti, kumeneko n'kugona chitseko chili pululu. Za kusiya deti pa 2007 ndiye tabwerera pa vuto lija la YouTube kukana.

Chiphaliwali
Nanga ngati makinawo sakulowa pa intaneti n'komwe?

Nachisale_IT
Pamenepo sindingakutsutseni kwambiri. Koma aphunzitsi ali ndi kompyuta imodzi, ndipo akufunanso YouTube.

Mnyamata_waLinux
Njira yoyera ya mafayilo a .swf ndi Ruffle. Ndi pulogalamu yaulere yomwe anthu odzipereka analemba kuti izisewera zinthu za Flash popanda Flash yeniyeniyo. Internet Archive imagwiritsa ntchito yomweyo kuyambira 2020 posunga timasewero takale. Imapezeka ngati extension ya Firefox ndi Chrome, komanso ngati pulogalamu yoima payokha. Si zonse zimene imatsegula, mafayilo opangidwa ndi ActionScript 3, chinenero chomaliza cholembera za Flash, ena amavutabe, koma zinthu za maphunziro zakale zambiri zimayenda.

Koma mawu anga enieni ndi awa: chotsani Windows 7 muike Linux. Core 2 Duo imanyamula 64-bit ngakhale Windows yanu ili ya 32-bit. Linux Mint ya Xfce kapena MX Linux iyenda pamenepo, mudzakhala ndi Firefox yatsopano yolandira zotetezera, ndipo nkhawa ya a WaJoni yatha.

Tekinishani_Limbe
Ndinadziwa kuti mufika, achimwene. Linux ndimaikonda, ndimaikira anthu. Koma taganizani. Aphunzitsi ali kumudzi, intaneti ndi ya pafoni, bandulo akugula ndi ndalama ya m'thumba mwawo. Linux Mint kuitsitsa kokha ndi ma GB oposa awiri. Printer ya pasukulu ikakana, adzaitana ndani? Fayilo ya .exe ija ya pa CD, ngati ilipo, pa Linux siyenda popanda kuvutikanso ndi Wine, pulogalamu yoyendetsera za Windows pa Linux. Ndipo mayeso ali pafupi. Nyumba sasintha denga mvula ili mkati mogwa.

Mnyamata_waLinux
Sakuyenera kufufuta kalikonse. Linux imayenda kuchokera pa flashi, ayese kaye aone ngati printer ndi mawu zikugwira. Windows ikhala pomwepo.

Tekinishani_Limbe
Zimenezo ndiye ndavomera, koma ikhale ntchito ya pa holide.

MayiWaKuChipata
Poti mwatchula za magetsi kuthima, ine makina athu a kutchalitchi anapsa power supply kawiri chaka chimodzi. Si kuthima kumene kumaononga, ndi pobwera paja, amabwera ndi mphamvu. Tinagula kabokosi koteteza kaja ka mafiriji, kamene kamadikira kaye mphindi zingapo kasanalole magetsi kudutsa, ndipo chiyambire sitinapsetsenso. Aphunzitsi, kompyuta imodzi yotsalayo muisamale kumbali imeneyi.

GogoWaMakina
Ndi fumbi, mayi. Ine ndinagwira ntchito ya makina osindikizira zaka zambiri, mdani wamkulu anali fumbi. Miyezi ya October ndi November makina amatentha ngati mbaula.

Namadzi_Boy
Agogo akunena zoona ndipo zikukhudzana ndi kudukaduka kwa vidiyo. Laputopu yanga yakale inkayamba bwino, pakatha mphindi khumi vidiyo n'kuyamba kujejema, fani ikulira ngati chigayo. Processor ikatentha kwambiri imadzichepetsera liwiro yokha kuti isapse. Nditatsegula ndinapeza fumbi litaumbika ngati bulangete pa fani. Nditapukuta ndi kupaka thermal paste watsopano, phala lothandiza kuchotsa kutentha pa processor, zinasintha kwambiri. Poti aphunzitsi atsegula kale bokosi kuti asinthe batire, apukutiretu. Burashi yofewa ya penti ikwana, madzi ayi.

Nachisale_IT
Tsopano za YouTube kudukaduka, poti ndi zimene zatsala. Apa palibe plugin yoti muike. Nkhani ndi ya mmene vidiyo imapanikizidwira kuti ichepe poyenda pa intaneti. YouTube masiku ano imakonda kutumiza mavidiyo mu VP9 kapena AV1. Njira zimenezi zimapulumutsa data, koma kumasula kwake kumafuna mphamvu, makamaka AV1. Makompyuta atsopano ali ndi kachipangizo kapadera kogwira ntchito imeneyo. Anu a 2007 alibe, ndiye katundu yense amagwera processor, n'chifukwa chake mawu amathamanga chithunzi n'kutsalira.

Chitani izi. Chrome yomaliza ya Windows 7 ndi 109, ya January 2023, ndipo sikulandiranso zotetezera. Ikani Firefox 115 ESR, ndiyo yomaliza imene Mozilla anapangira Windows 7 ndipo anaiwonjezera kangapo nthawi yoisamalira. Mukatero muikemo extension yotchedwa h264ify, imene imauza YouTube kuti itumize H.264, njira yakale imene makina akale amaidziwa bwino. Muli kabokosi koletsa mavidiyo a 60fps, muchonge. Kenako pa vidiyo penipeni, dinani kagiya kaja musankhe 360p kapena 480p. Pa sikirini ya kalasi kusiyana kwake ndi 720p sikuvutitsa, koma kwa processor ndi kwa bandulo yanu kusiyanako n'kwakukulu. Muikenso uBlock Origin yotchinga zotsatsa, chifukwa zotsatsa malonda zimadya RAM yomwe muli nayo yochepa kale. Ndipo tabu ikhale imodzi. Ndi 2GB simungatsegule Facebook mbali ino YouTube mbali inayo.

WaJoni_82
Nanga Netflix pa makina ngati amenewo? Mlamu wanga ku Mzuzu ali ndi laputopu yakale, imamuuza za plugin nayenso.

Nachisale_IT
Imeneyo ndi nkhani inanso. Netflix ndi Spotify amatseka zinthu zawo ndi loko kuti anthu asakopere, ndipo kiyi wake ndi Widevine ya Google. Ndi imodzi mwa ma plugin ochepa amene atsala, koma browser imaitsitsa yokha, simuchita kukaisaka. Mu Firefox apite pa Settings achonge pamene palembedwa "Play DRM-controlled content". Ikakanabe ndiye kuti browser yakalamba kwambiri. Mutsegule mutu wina tikambirane bwino, pano tisasokoneze za aphunzitsi.

MphunzitsiMnzanu_Dedza
Mnzanga, ine ndimaphunzitsa Fizikisi ndipo ndinadutsa momwemo. Ndikuuzeni chimene chinandimasula ku ma CD. University of Colorado Boulder ili ndi ntchito yotchedwa PhET, yomwe anaiyambitsa Carl Wieman mu 2002, yemwe anapata mphoto ya Nobel ya Fizikisi mu 2001. Ndi zoyeserera za sayansi zoti mwana agwire yekha: amalumikiza batire, waya ndi babu pa sikirini n'kuona babu ikuyaka, akawonjezera resistor n'kuona kuwala kukuchepa. Poyamba zinali za Java ndi Flash, koma zambiri anazilembanso mu HTML5. Ubwino wake ndi woti chilichonse mumachitsitsa ngati fayilo imodzi, n'kumaitsegula mu Firefox popanda intaneti. Zaulere. Ine ndimatsitsa ndikapita ku boma kumene netiweki ili bwino, n'kubwera nazo pa flashi.

Za YouTube m'kalasi ndinasiya. Netiweki imakuchititsa manyazi pamaso pa ana 80, vidiyo ikungozungulira iwo akuyamba phokoso. Chilichonse chimene ndikufuna kuonetsa chimakhala kale mu kompyuta usiku wake. Muyang'anenso Kiwix, imasunga Wikipedia yoti muziwerenga popanda intaneti, ndi Kolibri imene imanyamula maphunziro a Khan Academy. Koma pa RAM ya 2GB yambani ndi PhET, zina zolemera zimachedwa.

Mphunzitsi_waSayansi
Abale anga, ndabweranso patatha masiku anayi. Loweruka ndinapalasa njinga kupita ku boma, kabatire ndinakapeza kwa wokonza mawotchi. Nditatsegula bokosi ndinapeza fumbi loti agogo akanaliona akanandikalipira, mpaka chisa cha akangaude pa fani. Ndapukuta, ndasintha batire, ndipo magetsi athima kawiri chiyambire koma deti sinasunthe.

Ma CD ndinachita monga ananenera a Tekinishani. Pa awiri ndinapeza foda yolembedwa media, mkati muli mafayilo a .flv, ndipo VLC yawatsegula onse. Dzulo ana a Fomu 4 aona mtima ukupopa magazi. Mtsikana wina amene samayankhula m'kalasi anadzutsa dzanja n'kufunsa chifukwa chimene khoma la mbali ya kumanzere ndi lochindikala kuposa la kumanja. Ndakhala ndikujambula mtima umenewu pa bolodi zaka zonsezi, funso limenelo silinabwerepo.

YouTube pa Firefox ndi h264ify pa 360p ikuyenda osadukiza. PhET ndatsitsa zitatu, ya magetsi ija ana akuchita kulimbirana mouse.

Yatsala ndi CD yachitatu, ya Kemisitiri. Mulibe .flv, mulibe .exe, muli ma .swf okhaokha 46. Pulogalamu ya Ruffle yoima payokha yakana kutseguka pa makina anga.

Mnyamata_waLinux
Sizikundidabwitsa, mapulogalamu ambiri atsopano anasiya kuganizira Windows 7. Pa tsamba la Ruffle pali malo oyesera pamene mumasankha fayilo ya .swf ya mu kompyuta yanu n'kuisewera mu Firefox momwemo. Yesani mafayilo awiri kapena atatu tione ngati ali a mtundu umene Ruffle imautha. Akayenda, pa holide tidzayese Ruffle ya pa Linux kuchokera pa flashi.

Tekinishani_Limbe
Ndipo mukatsegulanso bokosi muwerenge mipata ya RAM, mundiuze ngati ilipo yopanda kanthu. Makina amenewo amadya RAM ya mtundu wa DDR2. Ndili ndi ziwiri za 1GB zomwe ndinachotsa mu makina akufa, zangokhala mu kabati. Windows ya 32-bit siona 4GB yonse, imathera pa 3GB ndi pang'ono, komabe kusiyana mudzakuona. Mukapeza munthu wodalirika wochokera ku Blantyre kupita ku Kasungu, mundilembere kumbali ndimupatsire.

WaJoni_82
Ya thiransipoti ndi ya kabokosi koteteza magetsi kamene anena amayi a ku Chipata ndilipira ine. Aphunzitsi, mafayilo a malikisi a ana muwachotse pa makinawo muwasunge pa flashi yapadera, chonde.

Mphunzitsi_waSayansi
Ndachotsa kale usiku wathawu, achimwene. Mipata ya RAM ilipo inayi, iwiri ndi yopanda kanthu. Mphunzitsi mnzathu wa Chingerezi akupita ku Blantyre kumaliro Lachisanu, abwerera Lolemba. A Tekinishani, ndakulemberani kumbali.